Khadi la Achemwali

Zoti achemwali anga a Burul akusamuka ndinazimvera pa okala ya buledi, ngati nkhani ya anthu ena. Mayi wogulitsapo anandipatsira buledi wotentha, n'kunena akuyang'ana kumbali kuti Mirlan, mwana wa achemwaliwo, wawagulira tikiti ya ndege. Akukakhala naye ku mzinda wa Novosibirsk, kunja kwa dziko lino, mwezi usanathe, ndipo nyumba yawo yapeza kale wogula.

"Kani simumadziwa?" anafunsa, chonsecho yankho ankalidziwa bwino lomwe. Dera lathu lonse la Ak-Orgo, mumzinda muno mwa Bishkek, linkadziwa kuti ine Kalicha ndi mkulu wanga sitilankhulana.

"Ndimadziwa," ndinatero, n'kukulunga buledi wanga. Ndinalunjika kunyumba.

Chinatidanitsa ndi fupa. Pa ukwati wa mwana wanga Ermek tinapha nkhosa, ndipo fupa la kumchira, lomwe limapita kwa mayi wolemekezeka kuposa onse, linatera m'mbale ya azakhali a amuna anga. Achemwali analandira nthiti. Anaziyang'ana nthitizo, anapukuta zala, n'kunyamuka msuzi usanabwere. Iwo amati chimwalirireni mayi athu, mayi wanga ndi iwowo, ndipo mayi sapatsidwa nthiti pa ukwati wa mdzukulu wake. Ine ndimati nyama amagawa ndi amuna, ndipo nthawi imeneyo ndinali kukhitchini, mafuta mpaka m'zigongono. Ndinanena tsiku lomwelo ndipo ndikunenabe lero kuti sindinalakwe. Ermek anali kale ndi mwana woyenda, koma ine ndi achemwali ngakhale moni ayi.

"Ingopita ukagogode," anatero amuna anga a Asanbek nditawauza. Ankanena akuthira tiyi, ngati akundituma kukagula mchere.

"Ndikagogode nditanyamula chiyani, bambo a Ermek? Tiyi, nsalu ya diresi, maswiti, mutu uli pansi, ndikuti ndakulakwirani? Ndalakwa chiyani ine? Mpeni unali m'manja mwa achimwene anu."

"Ndiye asiye azipita."

Zimenezonso ayi. Achemwaliwo ndi amene anandiphunzitsa kugwira singano, ndi amene anagona pansi kuchipatala pamene ndinkabereka Ermek. Ndinkadziwa kuti akakwera ndegeyo tisanalankhulane ndiye kuti zathera pomwepo, chifukwa mitu yathu ndi yofanana ndipo palibe amene angadzayambe kuimba foni. Ndinachita mantha, ndipo ine mantha akandigwira ndimauma khosi. Ndinalumbira kuti alankhula nane asananyamuke, koma osati ine nditagwada pakhomo pawo.

Kale zikanakhala zosavuta. M'masiku a maminibasi, ukaona munthu amene mwakwiyirana wakhala kumbuyo, unkangopatsa dalaivala ndalama ya anthu awiri n'kunena chapansipansi kuti, "Ine ndi mayi a mpango wobiriwira awo." Munthuyo akamatsika n'kutambasula dzanja, dalaivala ankalikankha n'kulengeza mokweza kuti, "Zalipiridwa mayi, alipira ndi awo." Pamenepo panalibe kothawira. Ankayenera kucheuka n'kunena kuti, "Wadzivutitsiranji?" Akafuna kukana ankayenera kukana ndi pakamwa, minibasi yonse ikumva, ndipo kumenekonso ndi kulankhula ndithu. Palibe wapepesa, palibe wagwada, koma mawa lake mupatsana moni. Ndinaonapo amuna awiri omwe anamenyana ndi mafosholo polimbirana ngalande ya madzi akugwirizana mwa njira imeneyi.

Koma maminibasi anawachotsa pa msewu wathu. Kunabwera mabasi aakulu, dalaivala ali m'kachipinda ka galasi, ndipo aliyense ali ndi khadi lake lomwe amathiramo ndalama n'kumaligunditsa pa makina polowa. Khadilo ine sindinalikonde kuyambira pachiyambi. Ndalama umaimva m'dzanja, koma ili limangokhala chete, sudziwa ngati lakhuta kapena lili ndi njala mpaka likuchititse manyazi pakhomo. Komabe munthu amazolowera, ndipo ndivomere kuti zokangana za chenji zinatha.

Makina ena ali pafupi ndi dalaivala, ena pakhomo lapakati, kumbuyo kulibe. Ine ndi achemwali tinkakwera basi imodzi ya m'mawa pa siteji imodzi, iwo kupita ku msika wa Osh komwe amagulitsa zipatso zouma, ine ku shedi yomwe timasokeramo majekete, kupitirira msikawo. Iwo ankalowera pakati n'kukakhala kumbuyo, ine kutsogolo. Tinkayenda choncho ngati anthu osadziwana, pomwe aliyense akudziwa bwino kuti mnzake wavala chiyani lero.

M'mawa mwake ndinathamangira kulowa iwo asanakwere. Ndinagunditsa khadi, nyali yobiriwira inayaka. Ndinagunditsanso, makina analira moipa, nyali yofiira. Ndinagogoda pa galasi la dalaivala.

"Mwanawe, ndikufuna kulipira awiri."

"Khadi limodzi munthu mmodzi, mayi."

"Ndiye landira ndalama m'manja."

"Mukufuna andichotse ntchito? Ine zanga ndi chiwongolero."

"Chabwino, ungowauza mayi a chikhoti chakuda awo kuti asagunditse, ine ndi iwe tikambirana."

"Mayi, kuseri kwanuko kuli anthu. Sunthirani mkati."

Pamene ndinkacheuka, achemwali anali atalipira kale n'kukhala pa mpando wawo, akuyang'ana pa zenera.

Madzulo ndinapita pa kawindo komwe timathirira ndalama m'makhadi. Panali mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka buluu.

"Ndikufuna kuthira ndalama m'khadi la munthu wina, ndipo akadzabwera pano umuuze kuti wathira ndine."

"Khadilo lili kuti?"

"Lili ndi mwini wake."

"Nambala yake?"

"Dzina ndikulidziwa. Burul, mwana wa Toktosun wa ku Kochkor."

"Agogo, makinawa sadziwa kuti munthu ndi mwana wa ndani."

"Nanga amadziwa chiyani? Ndipo agogo ndi ndani pano?"

Anandiyang'ana akubisa kuseka, ndiye ndinathira m'khadi langa n'kuchoka ndisanamuuze maganizo anga pa zikhadabo zakezo. Kunyumba a Asanbek anaseka mpaka kutsamwa. "Akazi akuluakulu awiri, wina wagonja kwa fupa, wina kwa kapulasitiki." Ndinawachotsera mbale asanamalize kudya.

Nzeru inabwera ndili ku ntchito, ndikulumikiza manja a majekete. Vuto silinali kulipira ayi. Vuto linali loti achemwali amalipira okha ine ndisanafike. Khadi lawo linayenera kudutsa m'manja mwanga lisanafike pa makina, ndipo alipo masiku omwe zimenezi zimachitika. Basi ikadzaza kwambiri anthu amalowera khomo lililonse lomwe latseguka, ndipo a kumbuyo amatumiza makhadi awo dzanja ndi dzanja, pamwamba pa zipewa, monga tinkatumizira ndalama kale. Amene waima pafupi ndi makina amagunditsa n'kubweza. Palibe amaba, palibe amafunsa. Ndiye chofunika chinali choti woima pamenepoyo ndikhale ine. Khadi lawo likafika ndigunditse langa, lawo libwerere osakhudzidwa.

"Nanga iweyo ulipira ndi chiyani?" anafunsa a Asanbek. "Gula khadi lachiwiri."

"Ndilipirire mkulu wanga ndi khadi lachilendo? Kuli ngati kupatsa mlendo tiyi m'kapu yobwereka kwa aneba. Ndilipira ndi langa lomweli, lomwe ndimathiramo thukuta langa. Ineyo nditsika pa siteji yotsatira, ndiyenda wapansi."

"Pa chisanu?"

"Miyendo ndili nayo."

Ndinasamukira pakhomo lapakati. Achemwali atandiona nditagwira chitsulo cha pa makina, anabweza phazi lomwe anali atakweza kale n'kukalowera kwa dalaivala. Mawa lake chimodzimodzi. Sindinakhumudwe. Basi ikakhala ndi malo munthu amasankha khomo, koma ine ndinkadikira tsiku lomwe palibe angasankhe. Ku Bishkek tsiku limenelo ndi la chipale chofewa choyamba, pomwe amuna onse a magalimoto amakumbukira kuti sanasinthe matayala n'kukhamukira ku basi.

M'mawa uliwonse ndinkatuluka kukayang'ana kumapiri, koma kumwamba kunali utsi wa malasha wokhawokha. Khadi langa ndinkaligwira m'dzanja mpaka zitseko zitatsekeka, ndipo ndikaona kuti lero ayi, m'pamene ndinkagunditsa. Anthu anandizolowera. Ena ankandipatsira makhadi awo ngakhale basi isanadzaze, ngati ndalembedwa ntchito pamenepo.

Tsiku lina kunagwa mvula yozizira, basi inadzaza ndithu, ndipo achemwali anapezeka kumbuyo. Ndinakonzekeretsa khadi langa. Makhadi anabwera, ndinagunditsa, ndinabweza, koma lawo silinabwere. Kenako ndinawaona akudzipanikiza cha kukhoma linalo, akupepesa uyu ndi uyo, kudutsa kuseri kwanga mpaka kwa dalaivala kukagunditsa okha. Anandidutsa pafupi moti ndinamva fungo la sopo wawo. Mayi wa miyendo yotupa kuyenda basi yonse kuti khadi lake lisakhudze dzanja langa. Zinandipweteka, koma zinandiuzanso kuti akundiona, chifukwa munthu amene wakuiwala sangakuzungulire choncho.

Kwa achemwali katundu anayamba kutuluka. Ndinaona lole itanyamula kabati ya mayi athu, ija ya galasi losweka pakona, itamangidwa ndi chingwe, ikupita kaya kwa ndani. Ndinalowa m'nyumba n'kukalirira m'bafa kuti a Asanbek asayambenso za kugogoda. Kenako ndinasamba kumaso n'kupita ku siteji. Ku ntchito ndinasoka thumba la jekete chadodolido, chinthu chomwe sindinachitepo, ndipo atsikana a pa mzere wanga anayang'anana. A Asanbek omwe ankaseka aja anayamba kumvetsera zanyengo pa wailesi, n'kumandiuza osandiyang'ana kuti, "Akuti mawa ayi."

Chipale chinagwa mlungu womaliza wa mwezi. Nditatsegula chitseko n'kuona bwalo lonse layera, ndinathokoza Mulungu mokweza moti galu wa aneba anauwa. Pa siteji panali anthu ngati pa maliro a munthu wolemera. Basi itafika ndinaika chigongono patsogolo. Ndakhala ndikunyamula mitolo ya nsalu moyo wanga wonse, ndipo tsiku limenelo sindinaone kuti uyu ndi bwana kapena mphunzitsi. Ndinafika pa chitsulo changa n'kuchikumbatira. Kudzera pakati pa mapewa a anthu ndinaona achemwali akuyesa khomo la kutsogolo, lodzaza, kenako akukankhidwira ku khomo la kumbuyo. Analowa omaliza, chitseko chitatsala pang'ono kuwadya chikhoti.

Makhadi anayamba kubwera. Lina lomatidwa kachithunzi ka mphaka, lina lopakidwa utoto pakona, lina lolumidwa ndi mwana. Ndinkagunditsa n'kubweza, langa ndili nalo m'dzanja lamanzere, thukuta likutuluka pa chisanu chonsecho. Kenako kanabwera kachikwama kofiira ka ubweya wa nkhosa, kokhala ndi khadi mkati, kosokedwa maluwa onga nyanga m'mbali mwake. Kasokedwe kameneko sindingakasokoneze ndi ka munthu wina, chifukwa ndi kamene ndinaphunzira ndili mwana. Kachikwamako kanali kofunda, kochokera m'thumba lawo. Chinali chinthu choyamba cha achemwali chomwe ndinagwira chichokereni pa ukwati paja.

Ndinakabisa m'chikhatho n'kugunditsa khadi langa. Nyali yobiriwira inayaka. Ndinapatsira kachikwamako bambo wina wa ndevu yemwe anaima pambali panga.

"Kumbuyo, kwa mayi a chikhoti chakuda. Muwauze kuti walipira ndi mng'ono wawo."

Bamboyo anagwedeza mutu n'kupatsira wina. Ndinaona mochedwa kuti m'makutu mwake munali timawaya, ndipo mutuwo ankagwedezera nyimbo. Kachikwama kanayenda pamwamba pa zipewa popanda mawu, kanafika, ndipo achemwali anakaponya m'thumba osakweza n'komwe maso.

M'pamene ndinazindikira chomwe ndinaiwala. Pa mwambo wonse uja chachikulu sichinali ndalama, chinali pakamwa pa dalaivala. Ine ndinakonza zonse, chipale ndi matayala a anthu omwe, koma wolengeza panalibe. Ndinali nditalipirira munthu yemwe sadzadziwa mpaka kalekale. Ndinadzikwiyira kwambiri moti siteji yomwe ndinati nditsikepo inadutsa ndili chiimire. Ndikuwe ndekha? Kukuwa kuti ndakulipirirani ndi kugogoda komwe kuja, kwangosintha malo. Ndinaluma mlomo, ndikufunafuna njira ina.

Pa siteji inayo zitseko zitatseguka, anthu a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Kunalowa woyendera makhadi, mayi wachitsikana wa jekete lowala, kamakina kake m'manja. Anayambira pomwe analowerapo. Woyamba kumutambasulira dzanja, mutu uli m'mwamba monga mwa masiku onse, anali achemwali.

Kamakinako kanalira moipa. Ndinamva ngakhale ndinali kutali, chifukwa basi yonse inali itakhala chete.

"Mayi, simunalipire."

"Ndalipira. Ndatumiza kutsogolo, anthu onsewa aona."

"Aliyense amatero, mayi. Apa palibe chaoneka."

"Yesanso, mwanawe. Kamakina kakoko kazizidwa."

Anayesanso, kanaliranso chimodzimodzi. Wina anaseka, ndipo mawu a mwamuna anati, "Imvi zonsezi n'kumakwera ulele." Achemwali akhala pa msika wa Osh kuyambira ndili mtsikana, ndipo sikelo yawo palibe anaikayikirapo. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, dzanja likufufuza chitsulo choti agwire. Anaoneka okalamba, mmene sindinawaonerepo. Za fupa, za kugogoda, za amene ayambe, zonsezo zinandichoka.

"Asiyeni! Ndalipira ndine!"

Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji. Ndikukumbukira kuti ndinaponda munthu ndipo ananditukwana, chipewa cha wina chinagwa. Ndinafika mpango utapendekeka, khadi ndili nalo m'mwamba.

Woyendera analiyesa. "Ili lalipira. Ndiye inuyo muli bwino, vuto ndi awa."

"Ayi. Ulendo umenewo ndi wawo. Khadi lawo linafika kwa ine pa makina, sindinaligunditse, ndinagunditsa langa. Wokwera ulele muno ndine."

"Munachitiranji zimenezo?"

"Ndi mkulu wanga."

"Ndiye?"

"Ndiye ndi mkulu wanga. Kwanu kulibe akulu?"

Bambo wina wokalamba wa chipewa choyera anati, "Ndi mmene tinkachitira, mwanawe, iwe usanabadwe." Mayi wina anamuyankha kuti, "Zakale zimenezo agogo, ife tikuchedwa ku ntchito." Basi inagawanika pawiri, aliyense ndi mfundo yake. Achemwali ankangoyang'ana kachikwama kawo.

Woyenderayo sanali munthu woipa, anali wotopa chabe, mphuno itafiira ndi chisanu. "Tamverani amayi. Anthu ndinu awiri, ulendo wolipiridwa ndi umodzi. Mmodzi atsike nane akalipire chindapusa. Sankhani nokha."

"Ine," ndinatero.

"Khala chete, iwe."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba a achemwali kwa ine, ndipo ndikunena zoona, anandikomera. Kenako anatembenukira kwa woyendera. "Uyu ndi mng'ono wanga. Mutu wake sunayendepo bwino, anagwa pa bulu ali mwana. Mng'ono salipira chindapusa mkulu wake ali moyo. Nditsika ndine."

"Sindinagwe, munandikankha. Ndipo lero wolipira ndine."

"Tsikani nonse," anatero woyendera.

Basi inatisiya pafupi ndi mlatho, chipale chikugwabe. Ndinatsegula chikwama changa, koma achemwali anachipana m'khwapa mwawo pamodzi ndi dzanja langa lomwe, monga ankachitira ndikafuna kutola maswiti a alendo. Anthu a pa msika ali ndi mphamvu. Ndinakoka, ndinapotokola, osatheka. Ndi dzanja linalo anatulutsa ndalama pachifuwa n'kupatsa woyendera, yemwe analandira mofulumira, anawapatsa lisiti, n'kuthamangira basi ina osacheuka. Ine amene ndinadikira chipale kuti ndiwalipirire, ndi amene ndinalipiriridwa.

Tinatsala awiri. Anandisiya dzanja.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa basi yonse."

"Inu munandichititsa manyazi pamaso pa ukwati wonse."

"Anandipatsa nthiti, Kalicha."

"Nyama amagawa ndi amuna. Ine ndinali kukhitchini."

"Ukanatuluka. Ndinaima pa geti nthawi yaitali, ndikumanga mpango womwe unali womanga kale."

Zimenezo sindinkazidziwa. "Palibe anandiuza, achemwali. Zoti mwachoka ndinazimva mbale zikutsukidwa."

Iwo sanapepese, inenso sindinapepese. Tinangoima, magalimoto akuterereka pa msewu. Kenako anandiwongolera mpango mwaukali, ngati akumanga thumba la mtedza.

"Ukuyesa sindinakuone pa makina paja? Ndinakuona. Ndinati lero lidutse m'manja mwake. Ndimayesa ugunditsa ngati munthu wanzeru."

Ndinabwezera khadi langa m'chikwama.

"Ndikunyamuka Loweruka," anatero.

"Ndamva."

"Mirlan akuti miyendo yanga yatha, msika undipha. Akuti kumeneko nyumba ndi yofunda, madzi otentha amangotuluka pa mpopi. Ndizikangokhala pa zenera." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Sindikudziwako munthu ngakhale mmodzi."

Anatulutsa kachikwama kofiira kaja n'kunditambasulira.

"Tenga. Kumeneko silikagwira ntchito. Muli ndalama, ndinathira zambiri ndisanadziwe za tikitiyi. Uzikwerera."

Ndinadziwa chomwe ankandipatsa. Ndi mmene munthu amagawira zinthu zake akadziwa kuti sadzabweranso, mapoto kwa uyu, mabulangete kwa uyo. Ndinalowetsa manja onse awiri m'matumba a chikhoti.

"Sindilandira."

"Usayambenso, iwe."

"Ndalama za m'khadi sizivunda. Mukadzabwera nthawi ya mavwende mudzakwera ndi chiyani?"

"Ndibwerere kuti? Nyumba ndagulitsa."

"Chipinda cha Ermek chilibe munthu. Muli makatoni a bambo ake okhaokha, ndiwatulutsa lero lomwe."

"Ndani wati ndidzabwera?"

"Ndine. Ndipo Mirlan akavuta ndidzamuimbira ndekha. Ndinamusintha matewera ameneyo."

Anakhala atatambasula dzanja choncho, chipale chikutera pa kachikwamako. Ine manja sindinatulutse. Ndikanatha kuima pamenepo mpaka madzulo, ndipo iwo ankadziwa, chifukwa anandilera okha. Basi ina inafika, inatsegula zitseko, inatidikira pang'ono, n'kutseka.

Achemwali anamasula mabatani a chikhoti n'kulowetsa kachikwamako m'thumba la mkati, momwe amasunga zinthu zosafunika kutayika. Anamanganso mabatani onse mpaka pakhosi.

"Mavwende ake akhale a kumwera," anatero, "osati amadzimadzi omwe mwamuna wako amagula pa msewu."

Anandigwira pa mkono, chifukwa pansi panali poterera, ndipo tinayamba kuyenda wapansi kulowera ku msika.